Wagwa, inde, koma wagwa motani? Mawu a Chingerezi onena za kugwa ndi kutembenuka kwa zinthu

M'Chichewa mneni woti kugwa amasenza katundu wambiri. Khoma la zidina likanyowa ndi mvula ya mu Januwale timati lagwa. Mwini golosale akadya mpamba timati bizinesi yagwa. Kwacha imagwa, boma limagwa, mkulu wa mpingo amagwa m'tchimo, ndipo phungu amene anthu am'kana pa chisankho timati wagwa chagada. Womvera sasochera, chifukwa nkhani yokhayo imamuuza mtundu wa kugwako.

Mutu umayamba kuwawa pamene munthu akufuna kunena zomwezi m'Chingerezi. Wophunzira wa Fomu 4 akulemba chimangirizo, mtolankhani akuthamangitsa nkhani nthawi isanam'there, womasulira am'patsa chigamulo cha khoti. Onsewa akatsegula dikishonale amapeza mndandanda wautali, *downfall*, *demise*, *ruin*, *collapse*, *overthrow*, *reversal*, ndipo poti onse akuoneka ngati akunena kugwa, amangotolapo lokoma m'khutu. Komatu mawuwa si mapasa. Lililonse limanena chimene chagwa, chimene chachigwetsa, liwiro la kugwako, ndiponso ngati chidzadzukanso. Ena amafika ponena kuti wagwayo zamuyenera. Mukatola lolakwika mukhoza kuika munthu wamoyo m'manda, kutseka kampani imene ikugwirabe ntchito, kapena kusandutsa anthu ovota kukhala olanda boma.

*Downfall* ndi liwu la munthu kapena ulamuliro umene unali pamwamba. Wopanda mpando, wopanda chuma, wopanda dzina alibe pochokera pogwa, choncho liwuli silim'khala. Richard Nixon anatula pansi udindo wa pulezidenti wa America pa 9 Ogasiti 1974 chifukwa cha nkhani ya Watergate, yobisa zoti anthu a mbali yake anathyola ofesi ya chipani chopikisana nacho, ndipo chiganizo choyenera ndi "Watergate brought about Nixon's downfall." Aneni amene amayenda nalo ndi owerengeka: *bring about*, *lead to*, *cause*, ndipo adani a munthu akhoza kuchita *plot his downfall*, kutanthauza kum'konzera chiwembu. Pali kagwiritsidwe kachiwiri kamene ambiri sakadziwa. Mngerezi akati "Gambling was his downfall," apa liwuli silikunena kugwa kwenikweniko ayi, likunena chimene chinam'gwetsa. Ife tikanati njuga ndiyo inam'pweteka.

Zolakwika pa liwuli zilipo zitatu zimene zimabwerabwera. Choyamba, ndi dzina basi, mneni wake kulibe. Munthu *falls*, ndipo ena *bring him down*. Samalaninso kuti *fall* amasintha kukhala *fell* ndi *fallen*, pamene pali mneni wina woti *fell*, wosintha kukhala *felled*, amene amatanthauza kudula mtengo n'kuugwetsa. Chachiwiri, anthu amalisokoneza ndi *downside*. Wolemba kuti "The downfall of solar power is that it needs sunshine" akufuna kunena kuipa kwake kwa chinthu chabwino, ndipo kumeneko ndi *downside* kapena *drawback*. *Pitfall* nalo ndi lina: ndi mbuna, vuto lobisika limene wosadziwa njira amagweramo. Chachitatu, mtengo wa fodya kapena wa soya ukatsika si *downfall*, ndi *fall* kapena *drop*, ndipo chuma cha dziko chikalowa pansi ndi *downturn*.

Nixon anagwa mu 1974 koma anamwalira mu Epulo 1994. Zaka 20 zimenezo ndiwo mtunda umene uli pakati pa *downfall* ndi *demise*. Liwu lachiwirili linayamba ngati la malamulo, lochokera ku Chifalansa chimene ankagwiritsa ntchito m'makhoti a ku England, ndipo linkanena za kusamutsa malo kapena ufumu kuchoka kwa mwini kupita kwa wina. Ku Britain akadali ndi mawu oti *demise of the Crown*: mfumu ikangomwalira, mpando umapita kwa wolowa m'malo nthawi yomweyo, monga zinachitikira pa 8 Seputembala 2022 pamene Elizabeth II anamwalira Charles III n'kukhala mfumu tsiku lomwelo. Kuchokera pamenepo liwuli linadzatanthauza imfa, kenako kutheratu kwa bungwe kapena dziko, monga Soviet Union imene inatha mu Disembala 1991. Choncho musalembe "the minister's demise" ngati nduna angoichotsa ntchito. Ena amawonjezera kuti *political demise*, ndipo pamenepo zimamveka, koma popanda mfotokozi ameneyo achibale ayamba kuimbirana foni. Pa zidziwitso za maliro, "We regret to announce the demise of" silolakwika, koma ndi lolemera ngati chikalata cha loya. *Death* ndi liwu laulemu wokwanira ndipo palibe chifukwa choliwopera. Chimene chili cholakwika ndithu ndi "he has demised". Munthu *died* kapena *passed away*.

Pa *ruin* m'pofunika kukhalitsapo, chifukwa Chichewa chimati kuwonongeka pamene Chingerezi chili ndi masitepe atatu. Tengani thumba la chimanga la makilogalamu 50 limene laikidwa kuchipinda osathira mankhwala. Mu Ogasiti mukapisamo dzanja mupeza njere zina zobooka, tizilombo tingapo tikuthawira pansi. Chimangacho ndi *damaged*: mukhoza kuchiyanika, kuchipeta, kuchithira mankhwala n'kupulumutsa chambiri. Mukachisiya mpaka Disembala, dzanja limatuluka loyera mbuu ndi fumbi, njere zimaphwanyika pakati pa zala ngati makoko, ndipo fungo lake limakuuzani kuti anankafumbwe amaliza ntchito. Thumba lilipo, lodzazabe, koma kuchigayo silingapite. Chimenecho ndi *ruined*. Moto ukagwira nkhokwe n'kusiya phulusa lokhalokha, ndiye *destroyed*.

Mtima wa *ruin* ndi umenewo: chinthu chilipo koma ntchito yake kapena ulemerero wake watha. N'chifukwa chake limakhala bwino pa mbiri ya munthu, pa ntchito, pa thanzi, pa banja, zinthu zimene zimatha mwini wake akuyendabe. N'chifukwa chakenso Angerezi amaligwiritsa ntchito pa zazing'ono osamva kuti akukokomeza. Ndiwo zimene mwapyoza mchere ndi *ruined*, malaya oyera amene mwachapira limodzi ndi chitenje chosuluka ndi *ruined*. *Spoil* ndi mng'ono wake, wopepukirapo, ndipo ndiye amanenanso za chakudya chosasa ndi mwana womusasatitsa.

Likakhala dzina, *ruin* limayenda njira ziwiri. Lopanda *s* limanena za umphawi kapena chitayiko chimene chagwera munthu, ndipo kawirikawiri silitenga *a*: *face ruin*, *financial ruin*, *on the brink of ruin*. Lokhala ndi *s* ndi mabwinja, monga makoma amiyala a Great Zimbabwe pafupi ndi Masvingo, amene m'nthawi ya atsamunda ankangowatchula kuti Zimbabwe Ruins. Mzinda wophwasulidwa ndi nkhondo, ngati Warsaw mu 1945, umakhala *in ruins*, ndipo mawu omwewo amanenedwa pa mapulani kapena moyo wa munthu. Nyumba yosiyidwa, imene denga likudontha chaka ndi chaka, *falls into ruin*. Mfotokozi woti *ruinous* amakonda kunena za mtengo kapena chiwongoladzanja chosaukitsa, ngati cha katapila.

*Collapse* ndi kugwa kwadzidzidzi, kogwera mkati, ndipo nthawi zambiri limaloza kufooka kumene kunalipo kale. Pa 24 Epulo 2013 nyumba ya Rana Plaza, yansanjika zisanu ndi zitatu, pafupi ndi Dhaka ku Bangladesh, inagumuka n'kupha anthu oposa 1,100, ambiri mwa iwo osoka zovala. Ming'alu inali itaoneka dzulo lake. Chiganizo chake ndi "The building collapsed." Pa tanthauzo ili mneniyu ndi wosayambukira, choncho "the building was collapsed" n'kulakwitsa. Ngati khonsolo yagwetsa dala nyumba yomangidwa posaloledwa, nyumbayo *was demolished* kapena *was pulled down*.

Pa munthu, liwuli limafuna kusamala kwambiri pomasulira. "He collapsed" ndi kugwa mwadzidzidzi kapena kukomoka, si imfa. Christian Eriksen, wosewera mpira wa ku Denmark, anagwa m'bwalo ku Copenhagen pa 12 Juni 2021 mtima utaima, madokotala anam'tsitsimutsa, ndipo anadzabwereranso m'bwalo. Zokambirana nazo zimachita *collapse* mbali ziwiri zikalephera kugwirizana, ndipo mlandu umachita *collapse* ukathera panjira chifukwa umboni wasowa kapena mboni zabwerera. Kugwa kwapang'onopang'ono kuli ndi mawu ake, *decline* ndi *crumble*, lomalizali ngati chigumu chonyenyeka m'manja. Misika ya masheya ili ndi *crash*, koma liwuli lisungeni. Pa 19 Okutobala 1987 muyeso wa Dow Jones ku New York unatsika ndi 22.6 peresenti tsiku limodzi. Imeneyo ndiyo *crash*. Kutsika ndi 2 peresenti ndi *dip* kapena *fall*, ndipo wolemba amene amafuula *crash* sabata iliyonse adzasowa mawu tsiku limene zidzachitikedi.

Pa nkhani za ndalama m'pamene liwu lolakwika likhoza kukufikitsani kukhoti. *Broke* ndi la pocheza, m'thumba mwauma, mwina mpaka malipiro a mwezi. *Insolvent* ndi mkhalidwe: ngongole zakwana nthawi yobweza koma ndalama palibe, kapena ngongolezo zaposa katundu yense amene muli naye. *Bankrupt* linachokera ku Chitaliyana, *banca rotta*, benchi lothyoka, kunena benchi la osintha ndalama, ndipo kwenikweni limafuna kuti nkhaniyo ikhale itadutsa m'njira ya malamulo. Kulemba kuti kampani yakutiyakuti ndi *bankrupt* chifukwa chakuti yachedwa kulipira antchito n'kuipitsa mbiri, ndipo eni ake akhoza kukusumirani.

Mayiko nawo amasiyana. M'malamulo a ku England, *bankruptcy* ndi ya munthu payekha. Kampani imalowa mu *administration*, pamene katswiri amatenga chiwongolero kuti ayese kuipulumutsa kapena kuigulitsa, kapena mu *liquidation*, pamene amagulitsa katundu, kulipira amene ili nawo ngongole motsata ndondomeko, kenako n'kufufuta dzina lake m'kaundula. Kutseka kotereku amatinso *wind up*, ndipo zikachitika kampaniyo *was wound up*. Ku America liwu loti *bankruptcy* limagwira munthu ndi kampani yomwe, koma lamulo lake lili ndi zigawo zimene zili ngati zitseko zosiyana. Chapter 7 ndi yogulitsa zonse n'kutseka. Chapter 11 ndi yopempha khoti kuti liimitse kaye angongole pamene kampani ikudzikonzanso. General Motors inalowa pa chitseko chachiwirichi pa 1 Juni 2009 ndipo mpaka lero ikupanga magalimoto. Banki ya Lehman Brothers inalowa pa chitseko chomwecho pa 15 Seputembala 2008 koma siinadzukenso. Ku South Africa amati *business rescue*, ndipo South African Airways inalowamo mu Disembala 2019 n'kudzayambanso kuuluka mu Seputembala 2021. Choncho womasulira akaona "filed for bankruptcy" asathamangire kulemba kuti kampani yatsekedwa. Ayambe wafufuza chitseko chimene yalowera. Mawu oti *go bust*, *go under* ndi *fold* onse amanena kutha kwa bizinesi, koma ndi a pocheza ndi mitu ya nyuzipepala, osati a lipoti la kuofesi.

Ndale zili ndi msampha wofanana, ndipo uwu umandikhudza kwambiri chifukwa umakhudza ulemu wa anthu wamba. *Overthrow*, amene amasintha kukhala *overthrew* ndi *overthrown*, ndi kuchotsa boma mwa mphamvu, kunja kwa malamulo. Kwame Nkrumah wa ku Ghana *was overthrown* pa 24 Febuluwale 1966 pamene asilikali ndi apolisi analanda boma iye ali pa ulendo wopita ku Hanoi. Kenneth Kaunda mu Okutobala 1991 ndi Kamuzu Banda mu Meyi 1994 sanaone zimenezo. Anthu anaima pamzere padzuwa n'kuponya voti, ndipo atsogoleriwo anavomereza zotsatira. Iwowa *were defeated*, *were voted out*, kapena *were unseated*. Kuwalembera *overthrown* n'kufufuta ntchito ya ovota n'kuiveka yunifolomu ya asilikali.

*Oust* limati munthu wachotsedwa asakufuna, koma silinena njira yake. N'chifukwa chake linagwira ntchito kwambiri pa nkhani ya Robert Mugabe. Asilikali anatuluka m'misewu ya Harare mu Novembala 2017, chipani chake chinam'chotsa pa utsogoleri, Nyumba ya Malamulo inayamba ndondomeko yom'chotsa, ndipo pa 21 Novembala iye analemba kalata yotula pansi udindo. *Resigned* ndi zoona pa pepala koma zimabisa mfuti zimene zinali panja. *Ousted* limanyamula nkhani yonse popanda kunama. *Topple* lili ndi chithunzi cha chinthu chachitali chimene chakankhidwa n'kupendeka, ndipo limalola kuti okankhawo akhale asilikali, zionetsero kapena aphungu. *Depose* limakonda mafumu ndi ena okhala pa mipando yachifumu.

*Impeach* ndiye amapusitsa ambiri. M'ndondomeko ya ku America, liwuli limangotanthauza kuti nyumba imodzi ya malamulo, House of Representatives, yaimba mtsogoleri mlandu, ndipo woweruza ndi nyumba inayo, Senate. Bill Clinton *was impeached* mu Disembala 1998, Senate inam'peza wosalakwa mu Febuluwale 1999, ndipo anamaliza nthawi yake mu Januwale 2001. Dilma Rousseff wa ku Brazil *was impeached and removed from office* mu 2016. Mawu anayi owonjezerawo ndiwo akunena kugwa.

Kukhoti kutembenuza kuli ndi aneni ambiri, ndipo aliyense ali ndi mwini wake. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko ku Malawi *annulled* kapena kuti *nullified* chisankho cha pulezidenti cha pa 21 Meyi 2019, kutanthauza kuti pamaso pa malamulo chinakhala ngati sichinachitike. Pa 8 Meyi 2020 Supreme Court of Appeal *upheld* chigamulocho, ndipo chisankho chatsopano chinachitika pa 23 Juni. Pa *uphold* pali mbuna imene yagwetsa omasulira ambiri. "The court upheld the ruling" ndiye kuti wochita apilo waluza, chigamulo choyamba chaima. "The court upheld the appeal" ndiye kuti wochita apilo wapambana, chigamulo choyamba chagwa. Mneni ndi mmodzi, zotsatira zake n'zotsutsana, ndipo chimene muyenera kuyang'ana ndi dzina limene likutsatira. Pa nkhani ya 2020 apilo *was dismissed* ndipo chigamulo *was upheld*.

Khoti lalikulu likasintha zimene laling'ono linagamula, *overturns*, *reverses* kapena *sets aside*. Likafafaniza chigamulo chakuti munthu ndi wolakwa, *quashes the conviction*. Khoti likhozanso kutaya mfundo imene linakhazikitsa lokha kale, monga momwe Supreme Court ya ku America mu Juni 2022 inatembenuzira chigamulo chake cha 1973 cha Roe v. Wade, chokhudza kuchotsa mimba. Koma khoti silichita *repeal*: ameneyo ndi mneni wa Nyumba ya Malamulo ikamachotsa lamulo limene inapanga. Chiphaso kapena chilolezo amachita *revoke*, mgwirizano kapena chiganizo cha bungwe amachita *rescind*. Ndipo musasokoneze *acquit* ndi *pardon*. Woyambayo khoti lati mlandu sunam'gwire. Wachiwiriyo mlandu unam'gwira kapena ukanam'gwira, koma mtsogoleri wam'khululukira. Kwa munthu amene wakhala zaka akunena kuti sanalakwe, kusiyana kumeneku ndi moyo wake wonse.

*Reversal* palokha silinena kuti zinthu zaipa. Limangoti zatembenuka. Mukatumiza ndalama pafoni ku nambala yolakwika n'kupempha kuti azibweze, mukupempha *reversal*, ndipo palibe wagwa. *Reversal of fortune* ikhoza kukweza wosauka kapena kutsitsa wolemera, ngakhale kuti imamveka kwambiri ponena za kutsika. Agiriki akale ankalidziwa bwino phindu la kutembenuka kotere m'masewero awo: Aristotle anakutcha *peripeteia*, ndipo liwu loti *catastrophe* linachokera ku Chigiriki chotanthauza kugubuduza chinthu chadodolido. Zinthu zikatembenukira kwabwino Angerezi amakonda *turnaround* kapena *comeback*. *Setback* ndi kupunthwa: wachedwa, wapweteka chala, koma ulendo ukupitirira. Ndi liwu lachifundo, loyenera wodwala amene matenda abwererako pang'ono kapena timu imene yaluza masewero amodzi. Kunena *setback* pamene zonse zatheratu n'kubisa chilonda, ndipo alangizi a andale amachita zimenezi kawirikawiri.

Boma likasintha maganizo atolankhani a ku Britain amati *U-turn*, kuchokera ku galimoto yotembenuka pamsewu. Liwuli linazika mizu m'ndale zawo mpaka nduna yaikulu Margaret Thatcher analitchula yekha pa msonkhano wa chipani chake ku Brighton mu Okutobala 1980 pokana kusintha mfundo zake za chuma. Boma la nduna yaikulu ina, Liz Truss, linalengeza pa 23 Seputembala 2022 kuti lichotsa msonkho wa 45 peresenti wa olandira ndalama zambiri, n'kubweza mawuwo pa 3 Okutobala. Imeneyo inali *U-turn*. *Downfall* inabwera pa 20 Okutobala pamene analengeza kuti akutula pansi udindo. *Climbdown* ndi kubweza mawu mwamanyazi utapanikizidwa, *backtrack* ndi kubwerera pang'onopang'ono ngati ukufufuta mapazi, ndipo *about-turn* ya ku Britain ku America ndi *about-face*. *Backfire* ndi msampha wogwira mwini, ndipo mperekezi wake ndi *on*: "The plan backfired on him."

Pali gulu la mawu amene samangonena za kugwa koma amaweruza. *Undoing* ndi lofatsa mwa onse. *Un* wa Chingerezi amagwira ntchito yofanana ndi *ula* wathu mu tseka ndi tsekula, mata ndi matula, choncho *undoing* ndi kusolola ulusi umene unagwira chovala chonse. Limaloza chofooka cha mkati mwa munthu: "His temper was his undoing." Ndi kadziwotche amene amadzipititsa yekha pa nyali. *Comeuppance* ndi lakuthwa. "He got his comeuppance" ndiye kuti choipa chatsata mwini ndipo wolankhulayo wakondwera. M'nkhani yongopereka uthenga mulibe malo ake, chifukwa wolembayo wakhala woweruza.

*Fall from grace* linachokera m'Baibulo la King James la 1611, pa Agalatiya 5:4, koma lero limanena za kutaya ulemu pamaso pa anthu. Lance Armstrong analandidwa zikho zisanu ndi ziwiri za mpikisano wa njinga wa Tour de France mu 2012 chifukwa cha mankhwala oletsedwa, ndipo anavomera yekha mu Januwale 2013. Moyo anali nawo, koma dzina linapita. Mwambi woti *pride comes before a fall* ndi chidule cha Miyambo 16:18, ndipo *the writing on the wall* linachokera pa Danieli 5, pa phwando la Belisazara, kunena chizindikiro chooneka kwa onse chakuti mapeto afika. *Hubris* ndi kudzikuza kwa munthu amene wakwera pamsana pa njovu n'kumati kunja kulibe mame. *Nemesis* anali mulungu wamkazi wa Agiriki wobwezera odzikuza otere, ngakhale lero pa masewero liwuli langosanduka mdani amene sutha kum'gonjetsa. *Meet one's Waterloo* ndi kugonja komaliza kwa munthu amene anazolowera kupambana, kuchokera pa nkhondo ya pa 18 Juni 1815 imene inathetsa ulamuliro wa Napoleon. Timu imene imaluza sabata ndi sabata ilibe Waterloo.

*Debacle* ndi *fiasco* ndi a kulephera kochititsa manyazi. Loyambalo m'Chifalansa linkanena za madzi oundana pamtsinje akasweka n'kukokolola zonse, ndipo limayenera chisokonezo chachikulu. Lachiwirilo, lochokera ku Chitaliyana, lili ndi kafungo ka kuseka, monga msonkhano umene alendo afika koma holo ndi yokhoma. Pamene anthu afa musaligwiritse ntchito. Pamenepo ndi *disaster* kapena *tragedy*.

Nkhani imodzi ikhoza kufuna mawu angapo, lililonse pa malo ake, ndipo ya banki ya Barings imaonetsa bwino. Bankiyi inayamba ku London mu 1762. Wogwira ntchito wake ku Singapore, Nick Leeson, ankachita malonda oika ndalama pachiswe n'kumabisa zotayika mu akaunti ya nambala 88888, ndipo iye yemweyo ndiye ankayang'aniranso ofesi yolemba ndi kutsimikiza malondawo. Kusowa kwa diso lachiwiri kumeneko ndiko kunali *undoing* ya banki. Chivomezi cha ku Kobe cha pa 17 Januwale 1995 chinagwetsa msika wa ku Japan, ndipo kwa Leeson chinali *reversal* imene anayesa kuibweza pothiramo ndalama zina, zomwe *backfired*. Zotayika zinafika mapaundi 827 miliyoni. Kumapeto kwa Febuluwale banki inapezeka *insolvent*, *collapsed* m'masiku owerengeka, n'kulowa mu *administration*. Ena amene anaikongoza ndalama pogula mabondi ake *faced ruin*. Leeson, amene khoti la ku Singapore linam'lamula kukhala m'ndende zaka zisanu ndi chimodzi ndi theka, anaona *downfall* yake, koma *demise* inali ya banki yokha ngati bungwe loima palokha, patatha zaka 233. Banki ya ING ya ku Netherlands inaigula pa mtengo wa paundi imodzi, n'kusenza ngongole zake.